Mwini chikalata ndani, wolemba kapena wopanga pulogalamu?

Chaka chilichonse, Lachitatu lomaliza la mwezi wa Malichi, timagulu ta anthu m'maiko osiyanasiyana timasonkhana m'masukulu, m'malaibulale ndi m'maholo pa tsiku lotchedwa Document Freedom Day. Tsikuli linayamba mu 2008. Lili ndi linzake, Software Freedom Day, limene linayamba mu 2004 ndipo limakhalako Loweruka lachitatu la Sepitembala. Cholinga cha masiku awiriwa ndi kudziwitsa anthu wamba za mitundu yotseguka ya mafayilo ndiponso za mapulogalamu aufulu. Koma kawirikawiri amene amafika ndi omwe nkhaniyi akuidziwa kale, ndipo amangouzana okhaokha zimene onse amavomereza. Sikuti anthu enawo ndi ouma mitu ayi. Munthu amene walemba kalata lero, waisunga, mawa yatseguka bwinobwino, alibe choti adandaule nacho. Ukamuuza kuti ufulu wake uli pachiswe amangokuyang'ana, n'kupitiriza kutaipa.

Komatu nkhani ilipo, ndipo imayambira pa tizilembo tija timakhala kumapeto kwa dzina la fayilo: .doc, .docx, .odt, .pdf, .jpg. Kompyuta sisunga mawu mmene timawaonera pa sikirini. Imasunga manambala okhaokha. Tsono payenera kukhala pangano lonena kuti manambala awa akuimira chilembo chakuti, awa akuti mutu ukhale pakati, awa ndi chithunzi, awa ndi malire a tsamba. Pangano limenelo ndilo mtundu wa fayilo. Pulogalamu imene ikulidziwa imatsegula chikalata n'kuchionetsa mmene wolemba anachisiyira. Imene sikulidziwa imakana, apo ayi imalavula zilembo zopanda mutu kudzaza sikirini yonse.

Mtundu wa fayilo umakhala wotseguka pamene pangano lija linalembedwa lonse n'kuikidwa poyera, aliyense akhoza kupanga pulogalamu yolitsatira osapempha chilolezo kapena kulipira, ndipo kulisintha kuli m'manja mwa bungwe limene ambiri ali ndi mawu, osati kampani imodzi. Wotsekeka ndi uja mwini wake amabisa, kapena amaulula pang'ono, kapena amasintha tsiku limene wafuna. Kwa zaka zambiri .doc ya Microsoft Word inali yotero. Opanga mapulogalamu ena ankachita kufufuza mongopapasa: kulemba chikalata mu Word, kusintha chilembo chimodzi, kusunganso, n'kuona kuti ndi manambala ati asuntha. Ntchito yotopetsa, ndipo zotuluka zake sizinkakhala zangwiro. Tebulo linkapendekeka, manambala a masamba ankasowa, ndipo wogwiritsa ntchito ankangoti pulogalamu inayo ndi yachabe. Mpaka mu 2008 ndi pamene Microsoft inaika mafotokozedwe a mitundu yakaleyo poti aliyense angathe kungotenga.

Amene ali ndi fayilo ya .odt akhoza kuona yekha chimene kutseguka kumatanthauza. Koperani fayiloyo, musinthe dzina kuti kumapeto kukhale .zip, ndiye muitsegule. Mupeza kuti ndi phukusi la timafayilo tingapo. Kena dzina lake ndi content.xml, ndipo mmenemo muli mawu anu onse, owerengeka ndi maso, atazunguliridwa ndi zizindikiro zonena kuti apa payamba ndime, apa ndi mutu, apa ndime yatha. Kena ndi styles.xml, kosunga maonekedwe a masamba ndi zilembo. Kena ndi meta.xml, konena za tsiku limene chikalata chinalembedwa ndi zina zotero. Zithunzi zili mu foda yakeyake. Ngakhale mapulogalamu onse amene timawadziwa lero atatha, munthu wodziwa ntchito atagwira fayiloyo ndi buku la pangano lake akhoza kutulutsamo chilichonse. Yesani zomwezo ndi .docx, mudabwa kuona kuti nayonso ndi phukusi lotero. N'chifukwa chake mkangano wa mitundu yotseguka ndi yotsekeka si wophweka ngati mmene ena amaufotokozera, ndipo tibwererako.

Chimene chimavutitsa odziwitsa anthu n'chakuti ululu wa mtundu wotsekeka umabwera mochedwa. Mu 1986 a BBC anakonza ntchito yaikulu yokumbukira zaka 900 za Domesday Book, kaundula wa malo ndi chuma wa ku England wa mu 1086. Anthu ochuluka zedi, ambiri a iwo ana asukulu, analemba za madera awo n'kutumiza zithunzi. Zonsezo zinasungidwa pa zimbale ziwiri za LaserDisc zimene zinkafuna makina akeake ndi kompyuta yakeyake. Pofika 2002 makina otero anali atatsala owerengeka, ndipo zinatengera akatswiri a mayunivesite a Leeds ndi Michigan kupanga pulogalamu yotsanzira kompyuta yakale ija kuti zolembedwazo zioneke. Kaundula wa mu 1086, wolembedwa ndi inki pa zikopa, akadali ku National Archives ku Kew ndipo amawerengeka mpaka lero.

Zoterezi zimachitikanso mwakachetechete kwa anthu ambiri. Amene analemba ndi WordStar kapena WordPerfect m'zaka za m'ma 1980 akudziwa. Mu 2007 Microsoft itatulutsa zokonza zotchedwa Service Pack 3 za Office 2003, anthu anangoona kuti mafayilo ena akale sakutsegukanso. Kampaniyo inawatseka dala, ikuti ndi chifukwa cha chitetezo, ndipo ofuna kuwatsegula anayenera kukasintha zam'kati mwa Windows. Chifukwacho mwina chinali chomveka, koma amene anaganiza sanali mwini zikalata. Chigamulo cha khoti, chikalata cha umwini wa malo, mbiri ya wodwala, kaundula wa penshoni: izi zimayenera kukhala zaka 50 kapena 100, pomwe pulogalamu imakalamba m'zaka khumi. Nyumba ndi yako, koma kiyi ali ndi munthu wina amene amasintha loko akafuna.

Palinso kukokana. Mmodzi akagula pulogalamu yatsopano n'kutumiza chikalata mu mtundu watsopano, wolandira amene ali ndi yakale amakakamizika kutsatira. Office 2007 itabwera ndi .docx, amene anali ndi Office yakale anayenera kuika pulogalamu yoonjezera kuti awerenge zimene anzawo akutumiza. Palibe amene anakuopseza kuti ugule. Abwana, kasitomala ndi aphunzitsi ndiwo akukukoka, nawonso akukokedwa ndi ena. Nthawi zina chotsekera si chinsinsi koma patenti, chiphaso cha boma chopatsa munthu umwini wa luso limene watulukira. Mtundu wa zithunzi wa GIF unafalikira kuyambira 1987 aliyense akuyesa ngwaulere, mpaka kumapeto kwa 1994 pamene zinamveka kuti opanga mapulogalamu azilipira chifukwa cha patenti ya kampani ya Unisys. Mkwiyo umene unatsatira ndiwo unabala PNG, mtundu wotseguka umene tikugwiritsa ntchito mpaka pano.

Mapulogalamu aufulu ndi nkhani ina, ngakhale ziwirizi zimayendera limodzi. Pulogalamu iliyonse imayamba ngati malangizo olembedwa ndi munthu, amene akatswiri amawatcha source code, ndipo kenako amasandutsidwa manambala oti makina amve. Ukagula pulogalamu yotsekeka umalandira manambalawo basi. Richard Stallman, amene ankagwira ntchito ku yunivesite ya MIT ku America, amasimba za pulinta ya Xerox imene inkakonda kutafuna mapepala. Iye ankafuna kusintha pulogalamu yake kuti izichenjeza anthu ikatero, monga anachitira ndi pulinta yakale, koma source code anamukaniza. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU, yopanga mapulogalamu onse oyendetsera kompyuta amene aliyense angathe kuwaona m'kati, ndipo mu 1985 anayambitsa Free Software Foundation.

Malinga ndi bungweli, pulogalamu ndi yaufulu ngati munthu angathe kuigwiritsa ntchito pa chilichonse chimene wafuna, kuiphunzira m'kati n'kuisintha, kugawira anzake, ndiponso kugawa imene waisinthayo. Maufulu anayiwa amawerengedwa kuyambira pa 0 mpaka 3, chizolowezi cha olemba mapulogalamu. Za mtengo mulibemo. Ambiri mwa mapulogalamuwa amapezekadi ulere, koma kugulitsa sikoletsedwa, ndipo makampani ngati Red Hat anakula ndi kugulitsa chithandizo cha mapulogalamu otere. Nzeru yaikulu inali mu laisensi ya GPL, yoyamba kutuluka mu 1989. Imagwiritsa ntchito lamulo lomwelo la umwini wa zolemba, koma molitembenuza: tenga, sintha, gawa, koma amene ukumupatsa alandirenso ufulu womwe iwe unalandira. Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, inalowa pansi pa laisensi imeneyi, ndipo lero ili m'maseva ambiri a intaneti komanso m'kati mwa foni iliyonse ya Android.

Wina afunsa kuti: ine sindidziwa kulemba mapulogalamu, ufulu wosintha undithandiza chiyani? Funsoli n'labwino ndipo olimbikitsa nkhaniyi amakonda kulidumpha. Yankho n'lakuti ufuluwo umakufika kudzera mwa ena. Mwini pulogalamu akaisiya kapena akayamba kuiyendetsa molakwika, ena akhoza kuinyamula n'kupitiriza. Mbiri ya LibreOffice, pulogalamu yaufulu yogwira ntchito ngati Microsoft Office, ndi umboni. Inayamba ngati StarOffice ya kampani ya ku Germany, imene Sun Microsystems inagula mu 1999. Mu 2000 Sun inatsegula source code yake pansi pa dzina la OpenOffice.org. Oracle itagula Sun mu 2010, ambiri mwa olemba pulogalamuyo sanakhulupirire mwini watsopanoyo. Mu Sepitembala chaka chomwecho anakhazikitsa The Document Foundation n'kupitiriza ntchito ndi dzina la LibreOffice. Ikanakhala yotsekeka, akanangoyang'ana ikufota.

Koma ziwirizi tisazisakanize. Pulogalamu yotsekeka ikhoza kulemba mtundu wotseguka. PDF inapangidwa ndi Adobe mu 1993 ndipo inakhala muyezo wa ISO, bungwe la miyezo la dziko lonse lapansi, mu 2008. Microsoft Office yakhala ikutha kusunga mu ODF, mtundu wotseguka wa mafayilo ngati .odt, kuyambira 2009. Ine ndimaona kuti pa ziwirizi, chofunika kuyamba nacho ndi mtundu wa fayilo. Pulogalamu imene munthu akugwiritsa ntchito ndi nkhani yake. Mtundu umene akutumizira anzake ndi nkhani ya aliyense wolandira.

ODF, kapena kuti OpenDocument Format, inachokera pa mtundu umene OpenOffice.org inkagwiritsa ntchito. Inakonzedwa m'bungwe lokonza miyezo la OASIS, limene linaivomereza mu 2005, ndipo mu 2006 inakhala muyezo wa dziko lonse lapansi wa ISO/IEC 26300. Ndiyo .odt ya zolemba, .ods ya matebulo owerengera ndi .odp ya zoonetsa pamsonkhano. Mu 2005 boma la Massachusetts ku America linalengeza kuti kuyambira 2007 maofesi ake azisunga zikalata m'mitundu yotseguka, ndipo ODF inali pamndandanda pomwe mitundu ya Microsoft panalibe. Kunabuka phokoso. Mkulu woona za makompyuta m'bomalo, Peter Quinn, anatula pansi udindo pasanapite miyezi yambiri. Ena mwa otsutsa anali ndi mfundo yoona: anthu osaona ankadalira mapulogalamu owerenga sikirini amene ankayenda bwino ndi Microsoft Office kusiyana ndi OpenOffice. Dandaulo limenelo linachititsa kuti ODF 1.1 ya mu 2007 ikonzedwe moganizira anthu olumala. Chaka chomwecho Massachusetts inalolanso mtundu wa Microsoft.

Mtundu umenewo ndi Office Open XML, mwachidule OOXML, mayi wa .docx, .xlsx ndi .pptx. Microsoft itaona kuti maboma ayamba kufuna miyezo yovomerezeka, inatengera mtundu wake ku bungwe lina la miyezo la Ecma, limene linauvomereza mu Disembala 2006, kenako ku ISO kudzera pa njira yachidule. Buku lake linali la masamba oposa 6,000, pomwe la ODF silinafike 1,000. Pa voti ya mu Sepitembala 2007 sunapeze mavoti okwanira. Ku Sweden voti ya komiti ya dzikolo inathetsedwa chifukwa sinayende mwadongosolo, ndipo Microsoft inavomera kuti wantchito wake wina analonjeza makampani anzawo chithandizo cha malonda akavota mokomera. Kutachitika msonkhano wa ku Geneva mu Febuluwale 2008, mtunduwo unadutsa mu Epulo n'kukhala ISO/IEC 29500. South Africa, Brazil, India ndi Venezuela anachita apilo, koma sizinaphule kanthu.

Otsutsa ankaloza zinthu zogwirika. M'bukumo munali malangizo ngati autoSpaceLikeWord95, kutanthauza kuti mipata ya pakati pa zilembo ikhale monga inkakhalira mu Word 95, koma osafotokoza mokwanira kuti Word 95 inkatani. Wopanga pulogalamu ina adziwa bwanji? Munalinso nkhani ya 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silinakhaleko, koma Excel imaliwerenga chifukwa inatengera cholakwikacho ku pulogalamu yakale yowerengera ya Lotus 1-2-3 ndipo inachisunga kuti mafayilo akale asasokonekere. Pofuna kugwirizanitsa mbali zonse, muyezowo unagawidwa pawiri: wa Strict, woyeretsedwa, ndi wa Transitional, wonyamula katundu yense wakale. Wachiwiriwu unayenera kukhala wongodutsira. Office inayamba kutha kusunga mu Strict ndi Office 2013, koma mpaka lero ukangodina posunga osasintha kanthu, umapeza Transitional. Choncho .docx ndi yotseguka papepala, ndipo n'zoona kuti iposa .doc kutalitali. Koma pulogalamu imene imaimvetsa kotheratu ndi ya mwini wake yemweyo.

Apa ndi pamene maboma amalowa, ndipo mfundo yamphamvu kuposa zonse ili pano. Ofesi ya boma ikalamula kuti fomu idzazidwe n'kutumizidwa mu mtundu wa kampani inayake, ndiye kuti nzika iyenera kukhala kasitomala wa kampaniyo kuti ilankhule ndi boma lake. Mu 2002 phungu wa nyumba ya malamulo ku Peru, Edgar Villanueva, analembera Microsoft ya m'dzikolo kalata imene inafala kwambiri. Mfundo zake zinali zoti nzika zizipeza zikalata za boma mosavuta, zikalatazo zikhalitse, ndipo chitetezo cha dziko chisadalire pulogalamu imene boma silingaione m'kati. Za kutchipa sanaziike patsogolo. South Africa inatenga ODF kukhala muyezo wa zikalata za boma mu 2007. Boma la Britain mu Julayi 2014 linasankha ODF pa zikalata zoti anthu alembe limodzi kapena kusintha, ndi PDF/A (PDF yosungira zikalata nthawi yaitali) komanso HTML (mtundu wa masamba a intaneti) pa zongowerenga. Silinauze aliyense pulogalamu yoti agule. Linangonena mtundu.

Kusamuka kwenikweni ndiye kumavuta, ndipo nkhani ya Munich imanenedwa ndi mbali zonse ziwiri. Mu 2003 khonsolo ya mzindawo inavota kuti isamukire ku Linux, ngakhale mkulu wa Microsoft, Steve Ballmer, anapita yekha kukaonana ndi meya Christian Ude. Ntchitoyo, yotchedwa LiMux, inatenga zaka khumi ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Mu 2017 khonsolo ina inavota zobwerera ku Windows. Ogwira ntchito ankadandaula kuti zikalata zochokera kumaofesi ena a boma, amene anatsala pa Microsoft, sizinkaoneka bwino. Ofufuza amene mzindawo unawalemba ntchito analoza kwambiri kusokonekera kwa kayendetsedwe ka nthambi za makompyuta kuposa Linux yeniyeniyo. Ena amakumbutsa kuti mu 2016 Microsoft inasamutsira likulu lake la ku Germany mu mzinda womwewo, ngakhale kulumikiza ziwirizi n'kungoganizira. Mu 2020 atsogoleri atsopano ananenanso kuti azikondera mapulogalamu aufulu. Walira mvula walira matope: mzinda umodzi ukasintha wokha pakati pa anzake osasintha, mtolo wonse wa kusagwirizana kwa mafayilo umagwera iwo.

Apolisi a Gendarmerie ku France anayenda mosiyana. Anayamba ndi OpenOffice mu 2005, kenako Firefox yotsegulira intaneti ndi Thunderbird ya maimelo, makompyuta akadali pa Windows. Pamene ankasamukira ku Linux yotchedwa Ubuntu kuyambira 2008, wapolisi ankapeza mapulogalamu omwe aja anawazolowera kale, ndipo kusinthako sikunamuopse. Dera la Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza mu 2024 kuti makompyuta a boma pafupifupi 30,000 asamukira ku LibreOffice kenako ku Linux, ndipo mawu amene akuwatsindika ndi oti boma lizidziimira palokha pa zamakono. Zikuoneka kuti mantha odalira makampani akunja akukopa andale kuposa mmene nkhani ya ufulu wa wogwiritsa ntchito inawakopera.

Tsono munthu wamba umamufika bwanji? Njira yakale inali yodzudzula. Mu 2002 Stallman analimbikitsa anthu kuti akalandira imelo yokhala ndi fayilo ya Word aziibweza, n'kupempha mwaulemu kuti itumizidwe mu mtundu wina. Mfundo yake inali yolondola, koma ndi angati angabweze chikalata cha abwana kapena cha ofesi imene akupemphako ntchito? Njira imeneyi imasenzetsa katundu munthu amene alibe mphamvu, ndipo imapangitsa olimbikitsa nkhaniyi kuoneka ovuta. Njira ina ndi yonyengerera ndi ulere. Iyi imakopa msanga koma ili ndi mbuna ziwiri. Anthu ambiri amaganiza kuti chaulere n'chosalimba. Komanso amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yokopera mwakuba, ndipo alipo ambiri padziko lonse, sanalipirepo kale, ndiye ukamuuza za ulere sakuona chatsopano. Kukopera mwakubako, ngakhale makampani amadana nako, kumawathandiza mbali ina: kumazoloweretsa m'badwo wonse mtundu wawo wa mafayilo.

Sukulu ndiye pagona nkhani. Mwana akaphunzitsidwa kuti kulemba pa kompyuta ndi Word ndipo kuwerengera ndi Excel, amakula osadziwa kuti dzina la kampani ndi luso ndi zinthu ziwiri. Ndipo akakula n'kukhala bwana, amalemba pa chidziwitso cha ntchito kuti ofunsira adziwe mapulogalamu omwewo. Dera la Kerala ku India linaona zimenezi ndipo linasamutsira masukulu ake aboma ku mapulogalamu aufulu, kuphunzitsa aphunzitsi n'kulembanso mabuku. Imeneyo ndi ntchito ya zaka, yosaoneka pa tsiku limodzi la chikondwerero, koma ndi imene imasiya chizindikiro.

Odziwitsa anthu ayeneranso kunena zoona pa zofooka. Munthu akatsegula .docx mu LibreOffice n'kupeza kuti chikalata cha masamba 10 chakhala 11, sabwereranso, ndipo amauza anzake. Nthawi zambiri cholakwa si pulogalamu koma fonti. Chikalata chinalembedwa ndi Calibri, kompyuta inayo ilibe Calibri, ndiye yaikapo ina yotambalala pang'ono, mizere n'kusefukira. Pali mafonti aufulu opangidwa dala kuti miyeso yake ifanane: Carlito m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria, ndi banja la Liberation m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Kumuikira munthu zimenezi n'kumuonetsa pamene amasankhira mtundu posunga kumathandiza kuposa ola lathunthu la ulaliki. Koma pali zina zimene fonti singakonze. Ofesi imene yamanga ntchito yake yonse pa timalangizo ta macro mu Excel kwa zaka 20 siingasamuke sabata imodzi, ndipo kuiuza kuti n'zophweka ndi bodza.

Chimodzimodzi pa chitetezo. Anthu amakonda kunena kuti poti aliyense akhoza kuona source code, zolakwika zimapezeka msanga. Zimatheka, koma pokhapokha wina akuyang'anadi. Mu 2014 kunapezeka bowo lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga pa mawebusaiti ochuluka zedi, ndipo dziko linadzidzimuka kumva kuti inkasamalidwa ndi anthu ochepa kwambiri, a ndalama zochepanso. Mu 2024 katswiri wina, Andres Freund, anaona kuti kulowa mu kompyuta ina kukuchedwa ndi kachigawo ka sekondi, ndipo pofufuza anapeza khomo lachinsinsi limene wina analowetsa mwadala mu xz, pulogalamu yaufulu yochepetsa kukula kwa mafayilo. Kutseguka ndiko kunathandiza kuti aligwire. Koma linalowa chifukwa wosamala pulogalamuyo anali yekha, atatopa, ndipo analandira thandizo kwa munthu amene sankamudziwa. Amene amapindula ndi mapulogalamu aufulu, makamaka makampani ndi maboma, ambiri salipira kanthu kwa owasamala.

N'chifukwa chake kampeni imene Free Software Foundation Europe inayamba mu 2017, ya Public Money? Public Code!, ndimaiona yanzeru kuposa zambiri zakale. Siuza munthu kuti asinthe kompyuta yake. Imafunsa funso limene wokhoma msonkho aliyense angamve: ngati pulogalamu yapangidwa ndi ndalama za anthu, bwanji anthuwo osaipeza, ndipo bwanji mzinda wina ulipirenso kupangitsa chinthu chomwecho? Imalunjika kwa aphungu ndi kwa ogula katundu wa boma, anthu amene siginecha yawo imodzi imasintha zimene zikwi za anthu azigwiritsa ntchito. Anthu ambiri sasankha mtundu wa fayilo. Amatenga umene pulogalamu yawaikira kale, ndi umene ofesi yawalamula. Amene angasinthe ziwiri zimenezo wasintha zambiri kuposa wogawa timapepala pakhomo la holo.

Pakali pano nthaka yomwe ikusuntha. Anthu ochuluka akulembera mu Google Docs kapena Microsoft 365 kudzera pa intaneti, ndipo ambiri a iwo sagwira fayilo n'komwe. Chikalata chimakhala pa makompyuta a kampani, mu mtundu umene mwina wogwiritsa ntchito sadzauona, ndipo chimene ali nacho ndi akaunti. Akaunti ikatsekedwa kapena malipiro a pamwezi akaima, funso la .odt kapena .docx limabwera mochedwa. N'zoona kuti Google Docs imalola kutsitsa chikalata mu .odt, .docx kapena PDF, koma mbiri yonse ya zosintha ndi dongosolo la amene anapatsidwa chilolezo zimatsalira komweko. Opanga mapulogalamu aufulu ayankha ndi zinthu ngati Nextcloud ndi Collabora Online, zosungira ndi kulembera zikalata pa intaneti, zimene bungwe lingaziike pa seva yakeyake, ngakhale zimenezo zimafuna munthu wozisamala. Malamulo nawo akuyesa kutsatira. Lamulo la European Union loteteza zachinsinsi za anthu, GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, lili ndi ndime 20 yopatsa munthu ufulu wolandira zimene anapereka ku kampani n'kupita nazo kwina. Ndimeyo imati ziperekedwe mu mtundu wadongosolo, woti makina angawerenge, ndiponso wogwiritsidwa ntchito ndi ambiri. Sitchula dzina la mtundu uliwonse, ndipo wogwiritsidwa ntchito ndi ambiri ukhoza kukhala uja wa kampani imodzi womwewo.